Mmene mungamuthandizire wa fizo watsopano kuti azolowere ntchito

Akakupatsani wa fizo watsopano kapena wothandizira wake kuti muzimuwongolera, musangomusiya aziwonerera basi. Sabata yoyamba aziima pambali panu, kenako musinthane, iye azigwira inu mukuyang'ana. Mwachitsanzo pomudzutsa wodwala sitiroko pabedi onetsetsani pomwe waika manja, asakoke mkono wofookawo ayi chifukwa phewa limatha kuguluka, agwire cha kumsana ndi m'chiuno, mawondo atapinda pang'ono kuti nayenso asadzipweteke msana.

Akalakwitsa chonde musamudzudzule pamaso pa wodwala, zimagwetsa mphwayi kwambiri zimenezo, dikirani mutuluke kaye. Komanso muzimufunsa kuti "mwasankhiranji mafizo amenewa?" osati kumangomuuza yankho. Lachisanu lililonse khalani pansi mphindi 20 muwerenge limodzi manotsi ake a odwala.