Mmene mungawerengere nokha ngati mwana wanu angabadwe ndi sickle cell

Bambo ndi mayi athanzi bwinobwino amatha kubereka mwana wa sickle cell, matenda a magazi otengera ku makolo, ndiye achibale amayamba kulozana zala, akuchimuna akuti zachokera kwa mkaziyu, akuchikazi akuti kwathu kulibe zimenezi, ena mpaka kwa sing'anga. Chonsecho nkhaniyi mutha kuiwerengera nokha ndi pepala ndi bolopeni, bola mudziwe zilembo zanu.

Poyamba gwirani ichi. Zotengera ku mtundu zimayenda mu majini, ndipo pa chinthu chilichonse mwana amalandira awiri, imodzi kwa bambo ina kwa mayi. Pa nkhani ya magaziyi jini yabwinobwino timailemba A, ya matendawa S. A ndi dominant, ikakumana ndi S imaiphimba. S ndi recessive, imabisala, kuti ionekere mpaka zikumane ziwiri. Ndiye wa AA alibiretu, wa AS wangonyamula koma nthawi zambiri sadwala, amalima, amamenya mpira, atha kukalamba osadziwa n'komwe. Wa SS ndi amene amavutika, maselo ake ofiira amapindika n'kumatseka timitsempha, komanso maselowo amafa pakangotha masiku 10 mpaka 20 pomwe abwinobwino amafika 120, n'chifukwa chake magazi kumangochepa ndi mafupa kuphwanya.

Kayezetseni nonse awiri, osati kungotumiza mayi okha ayi. Funsani mayeso a Hb electrophoresis, chifukwa sickling test imangoonetsa kuti S ilipo koma siisiyanitsa AS ndi SS. Si chipatala chilichonse chili ndi makina ake, adokotala akuuzani kopita. Ndipo chonde musasokoneze ndi gulu la magazi, A wa pa khadi yopereka magazi ndi nkhani ina, munthu wa gulu O atha kukhala AS.

Zotsatira zikatuluka jambulani bokosi muligawe pamtanda pakhale tizipinda 4. Pamwamba lembani zilembo ziwiri za abambo, chilichonse pa mzere wake, kumanzere za amayi chimodzimodzi. Kachipinda kalikonse muikemo chilembo cha pamwamba pake ndi cha kumanzere kwake, basi. Tiyese ndi AS awiri. A wa abambo ndi A wa amayi, AA. S wa abambo ndi A wa amayi, AS. Mmunsimo mupeza AS ina, kenako kangodya komaliza SS. Kachipinda kamodzi pa 4, ndiye kuti 25 peresenti mwana wodwala, theka onyamula, 25 peresenti AA. Zimenezi si zatsopano, wansembe Gregor Mendel anazipeza pa nsawawa mu dimba la ku Brno, mzinda wa ku Ulaya, n'kuzilengeza mu 1865, anawerenga njere zachikasu 6,022 ndi zobiriwira 2,001, pafupifupi zitatu pa imodzi, pomwe mbewu zomwe zinabereka njerezo zinali zachikasu zokhazokha.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amvekere woyambayu wadwala ndiye atatu otsatirawo apulumuka. Ayi ndithu. Zili ngati kuponya ndalama yachitsulo mmwamba, siikumbuka mbali yomwe inagwera dzulo, mimba iliyonse imayambiranso pa 25 peresenti yomweyo, banja lina la AS limabereka ana asanu opanda SS ngakhale mmodzi, lina awiri otsatizana onse odwala.

Mabokosi enawo savuta. AA ndi AS palibe mwana wa SS, theka ndi onyamula. AA ndi SS ana onse AS. AS ndi SS mpamene pavuta, theka odwala. Mwaona kuti SS siituluka pokhapokha S itachokera mbali zonse ziwiri, ndiye mwamuna wothamangitsa mkazi chifukwa cha mwana wodwala, S inayo ndi yake yomwe. Chialubino chimayendanso motero, makolo onse awiri amakhala onyamula ngakhale khungu lawo ndi lakuda.

Mukudabwa kuti S yachulukiranji kwathu kuno? Malungo. Mwana wa AS amatetezekako ku malungo aakulu, ndiye kumadera a udzudzu onyamulawo ankapulumuka ambiri n'kupatsira ana awo.

Mukapezeka nonse AS sindinganene kuti thetsani chibwenzi, zimenezo n'zanu awiri, koma mwana akabadwa muyezetseni msanga osadikira adwale. Zizindikiro zimayamba cha mma miyezi 6, manja ndi mapazi kutupa, maso achikasu, kulira kosatonthozeka. Akadziwika msanga kuchipatala amamuyambitsa penicillin ndi folic acid, ena hydroxyurea, inu kunyumba neti usiku uliwonse, madzi akumwa ambiri, juzi nthawi yozizira, ndipo thupi likangotentha thamangani naye tsiku lomwelo.