Mukamapita ku mathithi, yang'anani kumwamba kwa phiri

Anzanga okonda kukwera mapiri kuno ku Dedza, mathithi amakoma mu Epulo ndi Meyi, mvula itangosiya koma madzi akadali ambiri. Mu Januwale musayerekeze. Pamene mwaimapo pakhoza kukhala dzuwa phwee, chikhalirecho mvula yagwa kumtunda, ndipo mtsinje umadzaza mosachenjeza. Mukaona madzi ayamba kuda, akubwera ndi zinyalala ndi timitengo, tulukani msanga, zithunzi mudzajambula tsiku lina.

Mwala wakuda wonyezimira ndiye woopsa, uli ndi ndere. Ine ndinakhalapo pansi mwadzidzidzi nditavala masilipasi, msana unandiwawa sabata yathunthu. Valani nsapato zamano, foni muikulunge m'jumbo.

Mukatsika msewu wa Khwekhwerere kulowera ku Mua, kumene kumadutsa mtsinje wa Nadzipokwe, kumatentha kusiyana ndi pa boma, choncho nyamulani madzi akumwa. Samalaninso chitedze m'mbali mwa njira chilimwe chikayandikira.

Musanalowe m'tchire, kaperekeni moni kwa amfumu, akupatseni mnyamata wodziwa njira ndi maiwe akuya. Kangachepe kake konzeranitu, ndipo nyamukani m'mamawa chifukwa chitunda chobwerera chimatalika.