Momwe mungadziwire dothi lokana madzi ndi kulithandiza kuti limwe

Mvula yoyamba yagwa usiku wonse, koma mukapalasa mzere ndi chala m'mawa mukupeza fumbi louma pansi pa kachikhakha konyowa. Kapena mwathirira bedi la mpiru, madzi n'kumangogubuduzika ngati agwera pa tsamba la koko. Dothi lotere limakana madzi, ndipo kuwonjezera makheni sikuthetsa vutoli.

Gwero lake ndi mafuta okhala ngati phula ochokera ku masamba owola, mizu ndi nkhungu za m'nthaka. Mafutawa amakuta kambewu kalikonse ka mchenga, ndipo dothi likaumitsitsa madzi amalephera kukangamira. Dothi lamchenga ndilo limagwidwa msanga, chifukwa mafuta ochepa chabe amakwanira kulikuta lonse, pomwe makande ndi katondo zili ndi tinthu tosalala tambirimbiri toti mafutawo sangatimalize. Vutoli limakonda pansi pa bulugamu ndi paini, komanso pamene padutsa moto. Moto umasandutsa mafutawa nthunzi, ina imatsikira pansi n'kukaundana pamene dothi lili lozizira, masentimita ochepa kuchokera pamwamba. N'chifukwa chake pamalo pomwe munawotchera mulu wa mapesi phulusa limanyowa bwino koma pansi pake pali gwa, pouma.

Madzi akagwa pa dothi lotere salowa mofanana paliponse. Amayamba ayenda pamwamba kufuna pofooka: kadzenje, mng'alu, una wa chiswe kapena njira ya muzu wowola. Akapapeza amatsika m'tinjira topapatiza tokhala ngati zala, ndipo pakati pa zalazo dothi limatsala louma. Mvula yotsatira imakonda kudutsanso momwemo popeza mwanyowa kale. Zotsatira zake mumaziona m'munda: chimanga chimamera mwa apa ndi apo, fetereza wogwera pouma sasungunuka, wogwera m'njira ya madzi amatsukidwa kupita kutali ndi mizu, ndipo pamalo otsetsereka madzi otsala amakokolola nthaka.

Musanagwire khasu, yesani kaye. Nthawi yabwino ndi Seputembala kapena Okutobala dothi likadali louma, chifukwa lonyowa limabisa khalidwe lakeli. Chotsani zinyalala pamwamba osagwedeza dothi, dontheza madontho asanu a madzi oyera ndi sirinji kapena kaudzu, n'kuwerenga nthawi pa foni. Dontho likalowa masekondi 5 asanathe, dothilo lilibe vuto. Likatenga masekondi 5 mpaka 60, likukana pang'ono. Likakhala miniti imodzi mpaka mphindi 10 lili ndendende ngati mkanda, vuto ndi lalikulu, ndipo kupitirira apo ndiye lafika poipa. Kenako palani masentimita 2, muyesenso, kenako 5, kenako 10, kuti mudziwe pomwe gawo lokanalo layambira ndi pomwe lathera. Chitani izi pamalo angapo, chifukwa malo otalikirana mapazi awiri okha amatha kusiyana.

Apa ambiri amasokoneza. Ngati dontho likulowa msanga koma madzi amadikhabe m'munda, vuto ndi lina: mwina chikhakha chomwe mvula yamenya pamwamba, kapena dothi lolimba pansi pa mizere pomwe khasu limalekezera chaka ndi chaka. Zimenezo zimafuna kuswa, osati zomwe zikutsatirazi.

Mankhwala okhalitsa ndi dongo. Alimi a ku Western Australia, komwe minda ikuluikulu ya tirigu ili pa mchenga wokana madzi, amamwaza dothi ladongo lokumbidwa pansi n'kulisakaniza ndi la pamwamba, ndipo phindu lake limakhala zaka zambiri. Kwathu kuno dothi la pachulu limagwira ntchito yomweyo. Liphwanyeni likhale losalala, thirani theka la ndowa ya malita 20 pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, n'kusakaniza bwinobwino mpaka masentimita 10 kuya. Mukalisiya zibuluma kapena kungoliyala pamwamba, limauma n'kupanga chikhakha, mwangosinthanitsa vuto ndi linzake. Pa ekala yonse muyezo umenewu ndi matani oposa 40, ntchito yosatheka ndi wilibala, choncho yambani ndi mabedi a kudimba, ndipo kumunda thirani manja awiri odzaza pa phando lililonse.

Chachiwiri ndi kulondolera madzi ku mbewu. Pamwamba pa mzere wamchenga ndi pomwe pamauma kwambiri, ndipo madzi amatsetsereka kupita m'khwawa mbewu n'kutsala m'fumbi. Pamalo okana madzi bzalani m'kangalande kosaya kapena m'mayenje, ndipo ngati muli ndi mizere tsekani ndi ngonyeka kuti madzi aime, apeze mpata wolowa. Mukabzala, tsenderani dothi ndi phazi.

Pothirira, musakhuthule kheni lonse nthawi imodzi. Wazani malita ngati 5 pa mita imodzi ya bedi, dikirani theka la ola, muwazenso, mpaka katatu. Madzi oyamba ntchito yake ndi kufewetsa chabe. Mukamaliza kumbani ndi chala masentimita 10 pamalo atatu. Mukapeza pouma, takasani pang'ono ndi kamtengo n'kubwereza. Mbande za m'machubu zimapusitsa kwambiri: dothi likauma limanyala, madzi n'kudutsa m'mphepete mwa pepala kutulukira pansi, inu n'kumati zakhuta. Ziimikeni m'beseni lamadzi mpaka tithovu tisiye kutuluka.

Dothi likanyowa, kukana kumachepa kapena kutha, koma kumabwerera likaumanso kwambiri. Phimbirani ndi mapesi kapena udzu wokhuthala masentimita 5, osati masamba a bulugamu kapena a paini. Manyowa akhale owolerana ndi achinyezi, chifukwa kompositi youmitsitsa nayonso imakana madzi.

Pali mankhwala ogulitsa othandiza madzi kulowa, omwe amagwiritsidwa ntchito pa udzu wa mabwalo a gofu, koma mphamvu yake imatha ndipo amafuna kubwereza. Sopo waufa wochapira musamuyese m'malo mwake: ali ndi mchere wa sodium womwe umawononga dothi ladongo lomwe mwathira lija, ndiponso amawotcha mizu ya mbande.