Mmene mungaphunzitsire galu wanu kulumpha ndi kudutsa zopinga pakhomo

Masewera a agalu otchedwa agility anaonekera koyamba mu 1978 pa chionetsero cha agalu cha Crufts ku London, pamene John Varley anapempha katswiri wophunzitsa agalu, Peter Meanwell, kuti akonze chinachake chosangalatsa anthu pa nthawi yopuma. Anthu anawakonda kwambiri moti mu 1980 bungwe loona za agalu ku Britain la The Kennel Club linawavomereza kukhala mpikisano wokhala ndi malamulo ake. Pa mpikisano wotere galu amathamanga wopanda chingwe m'khosi, kulumpha mipanda, kudutsa m'chimpaipi, kukhotakhota pakati pa ndodo zoimika ndiponso kukwera matabwa, ndipo mwini wake, amene amathamanga pambali pake, saloledwa kumukhudza kapena kukhudza chopinga chilichonse. Lamulo limeneli ndi lofunika kulikumbukira ngakhale kwa munthu amene alibe maganizo opita ku mpikisano, chifukwa likusonyeza kuti ntchito yaikulu ili pa kumvana kwa galu ndi mwini wake, ndipo kumvanako kumayambira pansi, chopinga chisanaikidwe n'chimodzi chomwe.

Musanayambe, ganizirani za msinkhu ndi thanzi la galu wanu. Mafupa a galu wamng'ono amakhala ndi mbali zofewa cha kumapeto kwake, kumene fupa limakulira, ndipo mbali zimenezi zimalimba galu akafika chaka chimodzi kapena chaka ndi theka, makamaka agalu a mitundu ikuluikulu amene amachedwa kukhwima. Kumulumphitsa m'mwamba mobwerezabwereza nthawiyo isanakwane kukhoza kumuwononga miyendo kwa moyo wake wonse, n'chifukwa chake The Kennel Club salola galu kulowa mpikisano wa agility asanakwanitse miyezi 18. Galu wonenepa kwambiri ayambe wachepetsako thupi, ndipo amene amatsimphina kapena kuvutika podzuka aonedwe kaye ndi dokotala wa ziweto. Agalu a mphuno zazifupi monga pug ndi bulldog amavutika kupuma akathamanga, choncho iwo azisewera pang'ono chabe. Malo ophunzitsirapo akhale osaterera komanso ofewa, monga pakapinga kapena padothi losalala lopanda miyala, chifukwa simenti ndi matailosi zimapweteka mfundo za miyendo galu akamatera.

Phunziro loyamba ndi kusankha mawu amodzi aafupi, monga akuti “eya”, amene adzatanthauza kuti galu wachita bwino ndipo mphotho ikubwera. Nenani mawuwo kenako mupatseni kachidutswa kakang'ono ka nyama, ndipo mubwereze mpaka muone kuti akangowamva akutukula mutu kuyembekezera. Mawuwo azituluka pa nthawi yeniyeni imene galu wachita chimene mukufuna, chifukwa mukachedwa ndi masekondi ochepa okha iye amaganiza kuti mukumuyamikira pa chinthu china chimene wachita pambuyo pake. Agalu ena amakonda chidole chokokerana kuposa chakudya, ndipo ngati wanu ali wotero gwiritsani ntchito chidolecho. Pa nthawi yomweyi galu adziwe kukhala pansi, kudikira pamalo mpaka mutamulola, ndi kubwera mukamuitana. Ndikulimbikitsa kwambiri za kudikira, pakuti pafupifupi galu aliyense wathanzi amathamanga kuposa munthu, ndipo ngati sangathe kudikira kuti inu mutsogoleko, nthawi zonse muzingomuthamangitsa kumbuyo.

Chotsatira, chimene ambiri amachidumpha, ndicho kumuphunzitsa kutsatira thupi lanu. Galu amaona kumene mapewa anu ndi mapazi anu aloza msanga kuposa mmene amamvera mawu, moti pakamwa pakanena kuti apite kumanzere koma chifuwa chanu n'kuloza kumanja, iye adzapita kumanja ndipo sadzakhala wolakwa. Yendani mozungulira bwalo galu ali kumanzere kwanu, muzimupatsa mphotho ndi dzanja lamanzere, kenako musinthe kuti akhale kumanja ndipo dzanja lamanja ndilo lizipereka. Akazolowera, yambani kuthamanga pang'ono ndi kutembenuka mwadzidzidzi. Ikaninso ndowa pakati pa bwalo n'kumuphunzitsa kuizungulira mbali zonse ziwiri, poyamba inu muli pafupi, kenako mukubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka azitha kupita yekha kuchokera pa mamita atatu kapena anayi. Masewera a ndowawa ndi otetezeka ngakhale kwa kagalu ka miyezi yochepa.

Mpanda wolumpha ndi wosavuta kupanga. Ndodo ya tsache kapena paipi ya PVC yoikidwa pa zinthu ziwiri zofanana kutalika ikukwanira, bola ndodoyo izigwa mosavuta galu akaigunda, ndipo musaimangirire kapena kuikhomera. Yambani ndodo ili pansi penipeni kuti galu azingoiwoloka, ndipo mphotho muziiponya kutsogolo kwake kuti azolowere kuyang'ana kumene akupita m'malo moyang'ana dzanja lanu. Galu wokhwima mungamukwezere ndodoyo pang'onopang'ono pa masabata angapo, koma pakhomo palibe chifukwa choipitirizira msinkhu wa chigongono cha mwendo wake wakutsogolo kufikira ataphunzira kulumpha kuchokera mbali zosiyanasiyana. Akayamba kugwetsa ndodo kawirikawiri, itsitseni, chifukwa nthawi zambiri chimenecho ndi chizindikiro cha kutopa kapena cha kufulumira kwanu.

Chimpaipi chodutsamo cha pa mpikisano chimakhala chotakata pafupifupi masentimita 60 ndipo chimatalika mamita atatu mpaka sikisi, koma pakhomo mungayambe ndi katoni yaikulu yotsegula mbali zonse ziwiri kapena mipando iwiri yofunditsidwa bulangete. Munthu wina agwire galu kukhomo kwa chimpaipicho, inu mugwade kumapeto kwina kuti akuoneni nkhope, ndipo mumuitane. Musamukankhire mkati ngakhale pang'ono. Chimpaipicho chikhale chachifupi ndi chowongoka poyamba, chitsamiritsidwe bwino kuti chisagubuduke, ndipo mudzachikhotetse galu atasiya kukayikira.

Ndodo zoimika ndizo zimatenga nthawi yaitali kuposa zina zonse, popeza kukhotakhota kotere si chinthu chimene galu amachita mwachibadwa. Pa mpikisano ndodozo kawirikawiri zimakhala 12, zotalikirana masentimita 60, ndipo lamulo lake ndi lakuti galu alowe ndodo yoyamba ili kuphewa lake lamanzere, kaya mwini wake ali mbali iti. Anthu ambiri amayamba mwa kukopa galu ndi chakudya m'dzanja kuti adutse ndodo imodziimodzi, koma njira imeneyi ndimaiona kuti ndi yosathandiza, chifukwa galu amaphunzira kutsatira dzanja osaziona n'komwe ndodozo, ndipo dzanjalo likachoka amasokonezeka. Njira yabwinopo ndi kuimika ndodo m'mizere iwiri, yoyamba, yachitatu ndi yachisanu mbali imodzi, yachiwiri, yachinayi ndi yachisanu ndi chimodzi mbali inayo, kusiya kanjira pakati kamene galu angathamangemo mowongoka kupita kumene kuli mphotho. Pakapita masiku mumasendeza mizereyo kuti iyandikane ndi masentimita ochepa chabe nthawi iliyonse, ndipo galu amayamba kupinda thupi yekha mpaka ndodo zonse zitakhala pa mzere umodzi. Mphunzitsi wa ku Canada, Susan Garrett, anatchukitsa njira ina yoyamba ndi ndodo ziwiri zokha, imene imathandiza galu kudziwa bwino polowera asanawonjezeredwe ndodo zina ziwiri. Mulimonse mmene mwasankhira, galu akalakwitsa kawiri motsatizana bwererani pamene ankachita bwino, ndipo dikirani kuti akhwime musanatseke kanjira ka pakati pa ndodo kaja, pakuti kupinda kumeneku kumalemetsa msana ndi mapewa.

Zokwera, monga thabwa lalitali la m'mwamba ndi thabwa lopendekeka, zimakhala ndi mbali yopakidwa utoto wina kumapeto, ndipo galu ayenera kupondapo asanatsike kuti asadziponye kuchokera pamwamba. Sindikulangizani kumanga zinthu zazitali zotere pakhomo popanda mlangizi wodziwa. Chimene mungachite ndi kugoneka thabwa lotakata pansi, losaterera, n'kumuphunzitsa galu kuyenda pamwamba pake mpaka kumapeto ndi kuima miyendo yakutsogolo ili pansi, yakumbuyo ili pathabwa. Kenako ikani kamtengo kakang'ono pansi pa thabwalo pakatikati kuti lizipendekeka pang'ono, azolowere kugwedezeka ndi kaphokoso kake asanachite nazo mantha.

Galu akadziwa chopinga chilichonse pachokha, phatikizani ziwiri, mwachitsanzo mpanda ndi chimpaipi, motalikirana mamita anayi kapena asanu, ndipo mphotho ibwere akamaliza zonse ziwiri. Muzisintha dongosolo lake kawirikawiri kuti asaloweze njira pamtima n'kusiya kukuyang'anani. Phunziro lililonse likhale la mphindi zisanu kapena khumi, ndipo muyambe ndi kuyenda ndi kuthamanga pang'ono kuti minofu itenthe. Sankhani nthawi yozizira ya m'mawa kapena madzulo ndipo madzi akumwa akhale pafupi, chifukwa galu amadziziziritsa makamaka mwa kupuma mwawefuwefu ndipo amatenthedwa msanga kuposa munthu. Musamuthamangitse atangodya kumene. Mukaona akuyasamula, akununkhiza pansi popanda chifukwa, akunyambita milomo kapena akuzemba chopinga chimene dzulo lake anachidutsa bwino, musamukalipire, koma mupatseni chinthu chosavuta chimene amachidziwa, mumuyamikire, n'kulekera pomwepo. Ngati kuzembako kwapitirira masiku awiri kapena atatu, kapena mwaona kuti akuponda mwendo wina mosamala, siyani kaye zolumpha zonse ndipo mupite naye kwa dokotala wa ziweto.