Musagwire pulasitikiyo ndi zala musanayiyeze pa FTIR

Anzanga amene mukuyeza mapulasitiki pa FTIR (makina oyeza zinthu ndi kuwala kwa infrared) kuti muone ngati ayamba kuwonongeka ndi okosijeni, choyamba valani magolovesi. Zala zathuzi zili ndi mafuta, ndipo mafutawo amatulutsa peak (kansonga ka pa graph) cha pa 1740 cm-1, pafupi zedi ndi pomwe carbonyl (C=O, chizindikiro choti pulasitiki yawonongeka ndi okosijeni) imaonekera, cha pa 1715. Ine ndinasangalalapo pachabe, ndimvekere eya polyethylene yanga yapsa ndi dzuwa, osadziwa kuti anali mafuta a chala changa basi.

Komanso ATR (njira yoyezera pa FTIR pofinyira sampulo pa crystal) siilowa mkati, imangoona kakhungu ka pamwamba, ma micrometer awiri kapena kuchepera. Oxidation, kuwonongeka ndi okosijeni kuja, nayo imayambira pamwamba pomwepo, ndiye mbali yomwe inayang'ana kudzuwa ndi mbali yapansi zipereka zosiyana, yezani zonse, ndipo ngati sampulo ndi yokhuthala iduleni pakati muyezenso mkatimo.

Kutalika kwa peak ya carbonyl pakokha musamakukhulupirire, kumasintha ndi momwe mwafinyira sampulo pa crystal. Gawani ndi peak yomwe siisintha kwenikweni, pa polyethylene ndi ija ya CH2 cha pa 1465, mukatero mwapeza carbonyl index. Baseline (mzere wapansi woyambira poyeza kutalika kwa peak) muziyiika pamalo omwewo ulendo ulionse, apo ayi manambala anu sangafananizidwe.

Sungani kachidutswa katsopano komwe sikanaone dzuwa kapena kutentha kuti muzifananizira, chifukwa ma antioxidant (mankhwala oteteza pulasitiki ku okosijeni) ena omwe amathiramo kufakitale ali ndi carbonyl yawo kale. Crystal muzipukuta ndi isopropanol, iume kaye, kenako background yatsopano (kuyeza crystal yokha popanda sampulo).