Wogula akati "ndibwezereni ndalama zanga" pa okushoni ya pa intaneti

Ngati mumagulitsa katundu wogwiritsidwa kale ntchito pa okushoni ngati ya eBay, meseji imeneyi idzakupezani basi, kaya ndinu wachilungamo bwanji. Zomwe ndimauza aliyense ndi zoti mlandu wotere mumauwina kapena kuuluza musanatumize nkomwe katunduyo, chifukwa oweruza ake, omwe ndi ogwira ntchito ku okushoniyo, sakukudziwani inu, samudziwanso wogulayo, amangoona umboni umene uli pamaso pawo.

Ndiye yambirani pa zomwe mwalemba. Foni ili ndi kamng'alu pakona ya sikirini, batire silichedwa kutha, jekete yasowa batani limodzi, lembani zonsezo ndipo jambulani chilemacho pafupi kuti chioneke bwinobwino. Mawu oti "ili bwino kwambiri" ndi amene amagwetsa anthu ambiri m'mavuto, poti bwino wanu si bwino wa mnzanu. Zamagetsi jambulaninso siriyo nambala, kapena IMEI ngati ndi foni. Popakira tengani vidiyo imodzi yosadukiza, chinthucho chikuyaka, nambala ikuoneka, mpaka mwachiika m'katoni ndi kumata. Lisiti la kotumizira ndi nambala ya tracking, yolondolera pomwe katundu wafika panjira, musataye.

Dandaulo likafika, choyamba pezani kuti ndi la mtundu wanji, chifukwa sizifanana. Wina amati katundu sanafike, apa tracking yosonyeza kuti anafika pa adiresi yomwe ili pa oda ndi imene imakutetezani, nchifukwa chake wogula akakupemphani pa meseji kuti mutumize kwina, kanani. Wina wangosintha maganizo, uyu mukhoza kumukana ngati munalemba kuti simulandira zobwezedwa. Koma wachitatuyu, amene akuti katundu ndi wosiyana ndi zomwe munalemba kapena wafika wowonongeka, ndi pomwe ambiri amadabwa. Pa eBay wogula amakhala ndi masiku 30 kuchokera pomwe walandira kuti adandaule, ndipo zoti "sindilandira zobwezedwa" zija sizigwira ntchito pamenepa, katundu abwera ndithu ndipo ndalama yotumizira pobweza mulipira ndinu.

Musakhale chete ayi. eBay imakupatsani masiku 3 ogwira ntchito kuti muyankhe, akadutsa wogula amaitana eBay kuti ilowerere, ndipo ikhoza kumubwezera ndalama kuchokera kwa inu mwinanso osamuuza kuti abweze katunduyo, mwataya zonse ziwiri chifukwa chongopsa mtima n'kusiya meseji osaiyankha. Zimenezi zimandiwawa kwambiri ndikaziona chifukwa zimapeweka mosavuta.

Poyankha khalani odekha ngakhale mukuona kuti munthuyo akunama. Mufunseni zithunzi za vutolo ndi za katoni momwe inafikira, muyerekeze ndi zanu zija. Zonse kambiranani mu meseji za pa okushoni pomwepo, osati pa WhatsApp kapena pa foni, poti zakunjazo oweruza sadzaziona. Ndipo lembani mukudziwa kuti munthu wachitatu adzawerenga, zotukwana ndi zoopseza zimangoipitsa mlandu wanu.

Nthawi zambiri wogula amakhala akunena zoona, mwina chinasweka panjira kapena pali chilema chomwe inuyo simunachione. Ngati vutolo ndi laling'ono muuzeni kuti asunge katunduyo mumubwezereko gawo la ndalama, ambiri amavomera. Werengeraninso bwino, chinthu chotchipa chikhoza kudya ndalama yambiri pochibweza kuposa mtengo wake, pamenepo kungobweza ndalama n'kuiwala ndi nzeru. Koma chinthu chodula musabweze ndalama chisanafike m'manja mwanu, ndipo bwezani kudzera pa okushoni pomwe analipirira kuti pakhale umboni, osati kumutumizira panjira ina.

Katoni ikabwera tsegulani kamera ikujambula, onani nambala ija. Alipo ena amabweza foni yawo yakufa n'kusunga yanu yabwino, ena amachotsamo zida. Zikatero musangobweza ndalama mwakachetechete, kanenezeni wogulayo ku eBay ndi zithunzi za mbali zonse ziwiri, ndipo akagamula mokomera iye mukhoza kuchita apilo pasanathe masiku 30.

Chomaliza chomwe anthu amaiwala ndi chakuti nkhani ikatha pa okushoni sikuti yatheratu. Amene analipira ndi khadi akhoza kukadandaula ku banki yake kuti ndalama zibwezedwe, ndipo pa PayPal, njira yolipirira pa intaneti, munthu amene akuti katundu sanafike ali ndi masiku 180 kuchokera tsiku lolipira oti atsegule dandaulo. Choncho zithunzi, vidiyo ndi malisiti aja musafufute msanga pofuna malo mu foni, ikani pa kompyuta kapena pena pake, mulembepo nambala ya oda, zikhale pamenepo kwa miyezi 6 kapena kupitirira.