Momwe mungathandizire wachinyamata woyamba bizinesi ya pa foni kuno kummawa

Mukayenda mu Chipata kuchokera ku Kapata mpaka ku Saturday Market, mudzaona timisasa tambiri ta Airtel Money ndi MTN MoMo, ndipo ambiri okhala mmenemo ndi anyamata ndi atsikana amene anamaliza sukulu. Ena mwa iwo ali ndi maganizo oposa kutumiza ndi kulandira ndalama za anthu. Wina amafuna kuti alimi a ku Chadiza azidziwira pa foni mtengo wa nshawa ndi soya asanakumane ndi ogula, wina amafuna kupanga pulogalamu yolembamo ndalama za chilimba kuti amayi asamakangane pa tsiku logawana. Inu makolo, amalonda, aphunzitsi ndi akulu a mpingo mungathe kuwathandiza kwambiri, koma thandizolo lisayambire m'thumba.

Musanatulutse ngakhale ngwee imodzi, pitani naye mwanayo kwa anthu amene akufuna kuwatumikira, ndipo inuyo mumutsegulire khomo, chifukwa mlimi wa ku Katete kapena mayi wogulitsa tomato adzamasuka msanga poona munthu wamkulu amene amamudziwa. Mwanayo awafunse kuti vuto limene iye akufuna kuthetsa panopa amathana nalo bwanji, amataya ndalama zingati, ndipo aone ndi maso ake foni imene ili m'manja mwawo. Apa ndi pamene achinyamata ambiri amapunthwa. Amapanga pulogalamu yokongola yofuna foni yaikulu ndi mabando a intaneti, pamene kumudzi anthu ambiri ali ndi kafoni ka mabatani, ndipo nthawi zina kamodzi pa banja lonse. M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa foni imene kampani ya mafoni ya Safaricom inayambitsa ku Kenya mu 2007, inafalikira chifukwa inkagwira ntchito pa foni iliyonse popanda intaneti. Choncho mulimbikitseni kuti ayambire pa SMS kapena pa USSD, manambala aja oyamba ndi kanyenyezi, ndipo mauthenga akhale m'Chinyanja chimene agogo angamve akawawerengera mdzukulu.

Kenaka khalani kasitomala wake woyamba, ndipo muzilipira. Ngati muli ndi chigayo, sitolo ya feteleza kapena mabasi, mulole ayesere chinthu chakecho pa ntchito yanu kwa miyezi itatu. Ndikuona kuti K200 imene mwalipira chifukwa cha ntchito imene wagwira imamuphunzitsa zambiri kuposa K2,000 ya mphatso, pakuti wolipira amadandaula pamene chinthu chavuta, ndipo madandaulo amenewo ndiwo amakonza pulogalamu. Chikakukhutiritsani, mutchuleni kwa anzanu amalonda ndi ku makopaletivu.

Za mapepala musazengereze. Mwanayo alembetse dzina la bizinesi ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa mabizinesi, atenge TPIN, nambala ya wolipira msonkho, ku ZRA, ndipo ndalama za bizinesi zikhale pa nambala kapena akaunti yakeyake. Ngati ntchitoyo ikukhudza kusunga kapena kuyendetsa ndalama za anthu ena, imeneyo ndi nkhani ya Bank of Zambia, ndipo njira yosavuta kwa woyamba kumene ndiyo kudutsira mwa kampani imene ili kale ndi chilolezo. Za manambala afupi a USSD afunse ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, ndi ku makampani a mafoni. Mumukumbutsenso kuti maina, manambala a foni ndi a NRC amene akutolera amatetezedwa ndi lamulo la Data Protection Act la 2021. Anthu athu anaberedwa kale ndi akathyali otumiza mauthenga abodza, kotero akangomva kuti nambala yawo yafika kwa munthu wachilendo sadzabweranso.

Tsopano ndalama. Perekani pang'onopang'ono, gawo lililonse pa ntchito yooneka, monga kulembetsa alimi 50 oyamba. Gwirizanani polemba ngati ndi ngongole, mphatso kapena gawo lanu mu bizinesiyo, ngakhale akhale mwana wa mlongo wanu, chifukwa chibale chimatha msanga pamene wina akuti anabwereketsa pomwe mnzake akuti anapatsidwa. Ndipo inu a pabanja, lekani kutenga float ya mwana, ndalama zoyendetsera bizinesi yake, kukagulira ndiwo kapena kupereka pa maliro n'kumati mubweza mawa. Kunja kwa banja kuli CDF, ndalama za boma za chitukuko cha m'madera a aphungu, imene mu 2022 inakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo mbali ina ndi ya ngongole ndi thandizo la achinyamata ndi amayi. Mafomu amadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi, ndipo munthu wozolowera za maofesi angathandize kwambiri powalemba.

Kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, kunationetsa kuti sola yaing'ono yotchajira foni ndi laputopu ndi mpamba weniweni. Ngati muli ndi chipinda cha magetsi odalirika, mupatseni tebulo masana. Pa luso la makompyuta limene inu simungamuphunzitse, mulumikizeni ndi BongoHive ya ku Lusaka, imene yakhala ikuphunzitsa oyamba mabizinesi a tekinoloje kuyambira 2011. Akabwerako, mulipirireni mphindi zingapo pa Breeze FM kapena Radio Maria kuti afotokoze yekha ntchito yake, makamaka mu Epulo ndi Meyi, pamene alimi akukolola ndipo akufunsana za mitengo.